Tsiku limene ndinaweramitsa akulu a mpingo pansalu

Mpaka lero ndikamalowa m'tchalitchi, pali amayi ena a kwaya amene amandipatsa moni moweramitsa mutu pang'onopang'ono, kuudzutsa, kuuweramitsanso, kenako nkubisa kuseka m'chitenje. Ine ndimangoti, "Ambuye akudalitseni, mayi," pakuti tinalangizidwa kudalitsa otinyoza. Koma kudandaula sindingadandaule. Ndinaziputa ndekha, ndi manja angawa, masanasana, pamaso pa mpingo wonse.

Ndili ndi kashopu pa boma pano pa Mchinji. Ndimachita fotokope, kutaipira anthu, kusindikiza makhadi a ukwati, ndipo zaka zaposachedwazi ndayamba kupanga masamba a pa intaneti. Sukulu yake sindinapiteko. Ndinaphunzira poonera mavidiyo pa foni nthawi imene makasitomala kulibe (ndipo nthawi yotereyi Ambuye andipatsa yochuluka, yotsendereza, yosefukira). Tsamba la mpingo wathu ndinapanga ndine ngati chopereka changa. Linali tsamba lofatsa: dzina la mpingo, nthawi ya mapemphero, zolengeza za maukwati ndi maliro. Zonse zathyathyathya ngati pepala lomata pakhoma. Palibe anadandaulapo.

Tsono mpingo wathu uli ndi nyumba zopemphereramo ziwiri pansi pa abusa amodzi, ina kwa Mavwere, ina kwa Mlonyeni. Titagwirizana zomanga tchalitchi chimodzi chachikulu cha njerwa zootcha, panabuka funso loti timange kuti. Mkulu wa mpingo wa kwa Mavwere, a Mbewe, anati kwawo, poti uthenga unayambira kumeneko pansi pa mtengo wa mango. Mkulu wa kwa Mlonyeni, a Jere, anati kwawo, poti njerwa zambiri anaumba ndi anthu awo. Nkhani inakula mpaka akulu awiriwa anasiya kugwirana chanza. Akakumana pa maliro, wina ankakhala kumutu kwa msasa, wina kumapazi. Njerwa zija zinamera udzu, mbuzi nkumagona pamwamba pake. (Ophunzira a Ambuye aja amene anakangana panjira kuti wamkulu ndani anasiya mbumba, ndipo masiku ano imavala majekete.)

Abusa anayenda uku ndi uku pa njinga yamoto mpaka akulu onse awiri anavomera malo apakati, pafupi ndi msewu. Anavomeranso kuti Lamulungu lina mu Meyi nyumba zonse ziwiri zikumane, akuluwa agwirane chanza pamaso pa anthu, kenako maziko akumbidwe. Koma mtendere wake unali ngati mazira onyamula pa kabaza. Kabampu kamodzi, basi.

Pali china chimene muyenera kudziwa. A Mbewe ndi atsibweni a mkazi wanga, komanso ndi nkhoswe ya ukwati wathu. Choncho ngakhale ndimakhala pa boma, anthu a kwa Mlonyeni sandiona ngati munthu wa makompyuta. Amandiona ngati mkamwini wa a Mbewe.

Abusa anabwera ku shopu, nakhala pa benchi ya makasitomala.

"Bambo a Tadala, tsiku lija tikufuna tionetse tsamba lathu pa pulojekita. Muikepo zithunzi za akulu awiriwa ataima moyandikana."

"Zimenezo n'zosavuta, abusa."

"Mundimvetse bwino. Zifanane. Wina asatalike kuposa mnzake, wina asawale kuposa mnzake. Tayi wa wina akafiira kwambiri, mumuzimitseko."

"Musadere nkhawa, abusa. Aoneka ngati mapasa."

Ndipo ndinachitadi zimenezo. Ndinawajambula aliyense kwawo, ataimirira, kuyambira kumutu mpaka kunsapato. A Jere ndi aatali ngati mtengo wa bulugamu, a Mbewe ndi aafupi ndiponso thupi analipatsa ufulu, koma ndinakonza mpaka mitu yawo inalingana. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero ndilibe nkhani yoti ndikuuzeni.

Tsoka lake, sabata yomweyo ndinali nditaphunzira chinthu chatsopano. Tsamba la pa intaneti lili ngati munthu ndi zovala zake. Mawu ndi zithunzi ndiye thupi, ndipo pali malamulo ena olembedwa padera, amene timati CSS, omwe amaliveka: ichi chikhale chofiira, ichi chikhale kumanzere. Tsono ndinapeza kuti ndi malamulo omwewa munthu ukhoza kunamiza diso. Chinthu chathyathyathya chimatha kuoneka ngati chatukuka pagalasi, choti nkuchigwira. Ukaika mthunzi kunsi kwake, chimayandama. Ukachipendeketsa pang'ono, mbali ina imakuyandikira, ina nkupita kutali. Palinso nambala ina yolamulira kuya kwa zonsezi, imene ndinangoikopera kwa mphunzitsi wa mu vidiyo osaimvetsa.

Ndinayamba ndi mthunzi. Kamthunzi kofewa, kofanana kwa onse awiri. Ndinayang'ana, ndipo ndinaona kuti zinali bwino.

Tsiku lotsatira ndinawapendeketsa pang'ono, mitu yawo iyandikire woonera. Ndinayang'ananso, ndipo zinali bwino ndithu. Apa ndi pamene ganizo linandifikira, ndipo linabwera litavala zoyera ngati mngelo wa kuunika. Linati: kodi si zokoma kuti akulu awiriwa, tsamba likatseguka, aziwerama pang'ono kupereka moni kwa mpingo? Kudzichepetsa kumene abusa amalalikira kuja, anthu akuone ndi maso awo. Ndinalemba lamulo loti chithunzi chilichonse chizipendekera kutsogolo pang'onopang'ono, kubwerera, kupendekeranso, osalekeza. Pa laputopu yanga zinali zogwira mtima. Akulu awiri, phewa ndi phewa, akuwerama pamodzi ngati mapesi m'kamphepo. Ndinatsala pang'ono kugwetsa msozi.

Ndinaitana mkazi wanga kuti adzaone.

"Bambo a Tadala, abusa anakuuzani kuti atsibweni azigwedera?"

"Sakugwedera, akupereka moni."

"Atsibweni sapereka moni chonchi. Iwo amadikira kupatsidwa."

"Inu mayi, izi ndi zaluso."

"Chabwino, aluso," anatero, napita kukaanula zovala.

(Mneneri wina analangizidwa ndi bulu wake ndipo anamvera. Ine ndinalangizidwa ndi mkazi wanga wa ukwati woyera, osamvera. Sindikukufanizirani ndi bulu, mayi a Tadala, mukawerenga izi. Ndikungonena kuti mneneri uja anandiposa.)

Tsiku lija tinakumana mu holo ya sukulu ina pafupi ndi malo atsopanowo. Mawindo tinatchinga ndi zitenje kuti mukhale kamdima, ndipo kutsogolo tinamangirira nsalu yoyera yofunda imene anabwereketsa amayi busa. Anthu anakhala monga mmene mitima yawo inalili: a kwa Mavwere kumanzere, a kwa Mlonyeni kumanja, pakati kanjira kotakasuka koti ngolo nkudutsa. Kutsogolo kunali mipando itatu, abusa pakati, akulu awiriwa uku ndi uku, aliyense akuyang'anitsitsa denga la mbali yake.

Pulojekita tinabwereka kwa mkulu wina woonetsa mpira pa msika, ndipo inafika pa kabaza kwaya itayamba kale kuimba. M'mawa umenewo ndinali nditapemphera, kupemphera kwenikweni, mawondo pansi. Chimene sindinachite ndi kuyesa tsambalo pa pulojekitayo. Ndinangolumikiza nthambo, jenereta ikulira kunja, nkukhala pansi ndi nkhope ya munthu woyembekezera mphotho.

Laputopu yanga galasi lake ndi lotambalala. Pulojekita ija inali yakale, chithunzi chake chopapatiza. Ndipo tsambalo ndinalipanga lanzeru, loti malo akachepa, monga pa foni, zinthu zoyandikana zizisanjikizana, china pamwamba china pansi. Nzeru imeneyi ndinkainyadira kwambiri. Ndinali nditaiiwala.

Ulaliki utatha, abusa anati, "Tisanagwirane chanza, tiyeni tione akulu athu monga mmene dziko liziwaonera kuyambira lero."

Ndinadina.

A Mbewe anatulukira pamwamba pa nsalu. A Jere anatulukira kunsi kwawo, chipumi chitagunda nsapato za a Mbewe. Kenako onse awiri anayamba kuyenda.

Mwina mukuti poti onse ankawerama mofanana, vuto linali pati? Vuto ndi loti kompyuta imaika diso la woonera pakati pa tsamba. Amene ali pamwamba umamuona ngati waima kunsi kwake, ndiye kuwerama kwake kumangooneka ngati bwana akuvomereza ndi mutu. Amene ali pansi umamuona ngati waima pachulu, ndiye akawerama amaoneka ngati wapinda msana wonse. Choncho pansalu ya amayi busa, a Jere ankagwa pa nsapato za a Mbewe, kudzuka, kugwanso, ndipo a Mbewe pamwamba ankangogwedeza mutu ngati akuti, "Eya, pitirizani, mwana wanga."

Mu holo munati zii. Jenereta yokha ndi imene inapitiriza kulalikira.

"Ii!" anatero mayi wina wachikulire kumbali ya kwa Mlonyeni. "Kodi akupukuta nsapatozo kapena akupsompsona?"

"Tinanena ife," anayankha bambo wina kumbuyo kwake, mokweza kuti aliyense amve. "Mwapatsa mkamwini mpeni kuti agawe nyama, mumati chiwindi chipita kuti?"

A Jere enieniwo anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, kuwavalanso, kuyang'ana nsalu. Kenako anapisa dzanja pansi pa mpando natenga chipewa chawo. Aliyense amene amawadziwa a Jere amadziwa kuti chipewa chikafika m'manja, chotsatira ndi khomo, ndipo akatuluka iwo, theka la holo lituluka nawo, njerwa zija nkukhala nyumba ya mbuzi mpaka Ambuye adzabwere.

"Bambo a Tadala," anatero abusa motsitsa mawu, "tsekani."

"Kamphindi kokha, abusa, ndikonza."

Abale anga, kumvera kuposa nsembe. Ndimaidziwa bwino mfundo imeneyi, ndinaiphunzitsapo ku Sande sukulu. Koma kutseka kukanatanthauza kuti anthu apite kwawo ndi chithunzi chimenecho m'maso, ndipo dzina langa likhale la mkamwini wokondera mpaka kumanda. Ndinatsegula pamene pali malamulo aja. Poti zonse za pa laputopu zinkaoneka pansalu, mpingo wonse unaona timalemba ta mitundumitundu tikuthamanga.

"Tsopano wayamba kulemba m'malilime," wina anatero.

Ndinachita chinthu choyamba chimene chinandibwerera m'mutu. Ndinasinthanitsa zithunzi. Nzeru yanga inali yoti a kwa Mlonyeni aone kuti palibe kukondera, vuto ndi makina chabe. Ndinadinanso.

A Jere pamwamba, akugwedeza mutu mwaufumu. Nkhoswe ya ukwati wanga pansi, ikugwa pa nsapato zawo.

Kumbali ya kwa Mlonyeni kunalira nthungululu. Mayi uja wa nsapato anaimirira nkuvinako pang'ono. Kumbali ya kwa Mavwere kunamveka kung'ung'udza ngati njuchi zaputidwa. "Mwana ameneyu tinamupatsa mkazi ife," anatero wina. "A kwa Mlonyeni amudyetsa chiyani?"

A Mbewe anatembenuka pampando, mpando nkulira.

"Akamwini."

"Wawa, bambo."

"Kodi ameneyo ndi ineyo?"

"Ndi inuyo, bambo, koma si mmene ndinafunira."

"Oho. Munafuna ndiwerame motani?"

Thukuta linali likutsika mu kolala mpaka mu lamba. Ndinayang'ana kwa mkazi wanga kumene anakhala ndi amayi anzake, ndipo iye sanandiyang'ane ine. Ankayang'ana manja ake, milomo ikuyenda. Kaya ankandipempherera, kaya ankapempherera china chokhudza ine, sindinafunse mpaka lero.

"Bambo a Tadala," abusa anateronso, ndipo mawu awo tsopano anali a pa maliro.

"Ndachipeza, abusa! Ndachipeza chenicheni!"

Ndinakumbukira nambala ija yolamulira kuya. Ndinati m'mtima: kuya kwachuluka, ndiye ndichepetse nambala, zonse zifatse. Ndinafufuta ziro mmodzi kumapeto kwake. Chimene mphunzitsi wa mu vidiyo ananena, ine ndikutumikira kasitomala wa fotokope, ndi choti nambalayo si kuchuluka kwa kuya ayi. Ndi mtunda wa pakati pa woonera ndi chithunzi. Ikakhala yaikulu, waima patali ndipo zonse zimaoneka zofatsa. Ukaichepetsa, wamukoka woonerayo mpaka mphuno yake kugunda chithunzi.

Ndinadina kachitatu.

A Jere pamwamba paja anatalika mpaka mutu wawo unatuluka pansalu, kunangotsala jekete ndi tayi. Ndipo a Mbewe, atayamba kuwerama, mutu wawo unakula. Unakula ngati dzungu, kenako ngati mtsuko, kenako ngati thanki ya madzi, ukubwera kwa ife, mphuno patsogolo ngati mbatata ya ku dimba, miyendo yawo kumbuyoko itasanduka timitengo ta machesi. Amayi a yunifomu amene anakhala pa benchi yakutsogolo anazinda onse pamodzi.

"Ambuye tichitireni chifundo!" anakuwa mmodzi. Mutu unabwerera. Anthu anapuma. Mutu unabweranso. Amayi anazindanso.

Ndikanakhalabe pamenepo mpaka lero, ndikufufuta ndi kudina, pakanapanda mkazi wanga. Anaimirira, nadutsa kanjira kapakati kaja osathamanga, namasula chitenje chake chapamwamba, navundikira pulojekita monga muja mayi amavundikira mwamuna wake woledzera amene wagona m'mbali mwa msewu. Nsalu inayera. Iye anabwerera pamalo pake.

A Jere anali ataimirira kale, chipewa m'manja. Ine ndinakhala kuseri kwa laputopu ndikulakalaka chinsomba chija chimene chinameza mneneri wothawa, kuti mwina chili ndi malo a munthu wina mmodzi.

Ndiye a Mbewe nawonso anaimirira, pang'onopang'ono, atagwira bondo.

"A Jere," anatero, "musanavale chipewacho. Ine mkazi wanga wakhala akundiuza kuti ndikuweramireni, ndimakana. Abusa andiuza, ndinavomera ndi pakamwa pokha. Lero ndinabwera kuti ndikupatseni nsonga za zala basi, anthu aone, tizipita. Koma mwana uyu wandiweramitsa pamaso pa mpingo wonse, mutu kuchita kutupa, ndipo ndadzifufuza, ndapeza kuti sindinafe."

Anadutsa kutsogolo kwa abusa. Anagwira chigongono chakumanja ndi dzanja lamanzere, natambasula dzanja, nawerama. Kuwerama kwenikweni, mpaka msana unalira kuti khwaa, akumbuyo anamva.

A Jere anayang'ana dzanjalo kwa nthawi ndithu.

"Koma ndinayamba ndine, a Mbewe," anatero pomaliza. "Anthu onsewa ndi mboni. Woyamba kuwerama ndine."

"Inu munawerama pang'ono. Mwaona mmene ndachitira ine?"

"Pang'ono? Ndapsompsona nsapato zanu ine! Zosapolisha!"

"Akuluakulu," analowerera abusa, "kodi tiyambenso kukangana kuti wodzichepetsa kwambiri ndani?"

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. A Jere anayesetsa kuumitsa nkhope, koma mapewa anawapereka. Anaponya chipewa pampando, nagwira dzanja la a Mbewe ndi manja onse awiri, ndipo poti iwo ndi aatali, anachita kuwerama kuti alifikire. Kwaya inayamba nyimbo osauzidwa, mbali zonse ziwiri zinapolokezana, ndipo kanjira kapakati kaja kanadzaza ndi anthu ovina. Ine ndinalira kuseri kwa laputopu, osabisa. Iye amene amasankha zopusa za dziko lino kuti agwire nazo ntchito yake, tsiku limenelo sanavutike kufunafuna.

Ndivomere kuti pofika nthawi ya chakudya ndinali nditayamba kudziona ngati chida chosankhika. Ndinkayenda ndi mbale ya mpunga ndikumwetulira mofatsa. Ndi pamene a Mbewe anandikodola kuti tikaonane kuseri kwa holo.

"Akamwini."

"Wawa, bambo."

"M'katimo ndakukhululukirani monga mkhristu."

"Ambuye alemekezeke, bambo."

"Alemekezeke ndithu. Koma kunja kuno ndine nkhoswe. Mtedza wanga wakhwima, ndipo mwaona nokha kuti msana wanga lero wagwira ntchito kawiri, pansalu ndi pansi. Loweruka mubwere ndi khasu."

Ndinafotokozera mkazi wanga ndikuyembekeza kuti akandipepesera kwa atsibweni ake. Anapita kwa aneba kukandibwerekera khasu lolemera.

Loweruka ndinatseka shopu nkupita kwa Mavwere. Manja anga ndi a fotokope, abale, sadziwa mpini. Dzuwa lisanafike pamutu matuza anali atatuluka, kuphulika, nkutulukanso. A Mbewe anakhala pamthunzi wa mtengo m'mbali mwa munda, wailesi pambali, akukukuta mtedza wauwisi umene ndakumba ine.

"Weramani bwino, akamwini! Musamangogwedeza mutu ngati wapamwamba uja!"

Chakumasana ndinamva belu la njinga. Anali a Jere, atabwera kudzakambirana za tsiku lokumba maziko. A Mbewe anawasunthira mpando, nawapatsa mtedza, ndipo akulu awiri a mpingo anakhala phewa ndi phewa akundionerera.

"Akuwerama bwanji?" anafunsa a Jere.

"Akuphunzira. Mutu sunayambe kutupa."

Tsamba la mpingo ndinalibweza mwakale, lathyathyathya, ndipo abusa anabwera okha kudzaona pa laputopu, pa foni, ndi pa pulojekita ya mkulu wa mpira uja. Ndinawalonjeza kuti palibe chidzayendenso pamenepo, ngakhale kuphethira. Ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Koma m'munda muja, dzuwa litapendeka, ndinadzutsa mutu ndili chiweramire kuti ndione kuti kwatsala potani. Ndinaona mizere ya mtedza, yotakata pamapazi anga, ikunka nichepa, niyandikirana, mpaka kukakumana kutali kunsi kwa phiri. Ndipo ganizo linandinong'oneza kuti tchalitchi chatsopano chikadzatha, mabenchi ake akhoza kuoneka chimodzimodzi patsamba, munthu akatsegula azimva ngati akulowa pakhomo, akuyenda mpaka kuguwa.

Ndinalidzudzula ganizolo m'dzina la Ambuye, khasu lili m'manja, ndipo linandichokera kufikira nthawi ina.

Nthawi inayo inali Lolemba m'mawa.